Magalasi a kamera akayamba kuwerenga zoduka kapena zolakwika, yambani kufufuza apa

Pali dandaulo limodzi lomwe limabwerabwera pakati pa anthu osaona ovala magalasi a kamera. Masiku oyamba zonse zimakoma: magalasi akuwerenga kalata, akutchula mtundu wa malaya, akunena zomwe zili pa tebulo. Pakapita kanthawi zinthu zimayamba kuvuta. Kalata akuiwerenga theka, botolo la mankhwala akuti sakuliona bwino, tsiku lina akutchula nambala yomwe papepalapo palibe. Ambiri akafika apa amati chipangizo chafa, n'kuchibweza m'kabokosi kake. Ena amadziona ngati olephera ndi iwowo. Zimandipweteka kumva zimenezi, chifukwa kawirikawiri chipangizocho chimakhala chili bwinobwino, mwini wakenso sanalakwe kanthu. Kungoti palibe anamufotokozera kuti kamerayo ili pati, imaona mpaka pati, ndiponso kuti mawu omwe akumvawo akuchokera kuti.

Ndilankhula kwambiri za magalasi a Ray-Ban Meta, omwe anatuluka mu Okutobala 2023, chifukwa ndiwo afala. Mtengo wake unayambira pa madola 299, pomwe zipangizo zopangidwira anthu osaona, monga OrCam MyEye ya ku Israel ndi Envision Glasses a ku Netherlands, zimadya madola masauzande. Choncho m'bale wanu wa ku Britain kapena ku America akati akutumizireni kanthu, kawirikawiri ndi amenewa angawakwanitse. Komabe zambiri zomwe ndinene zikukhudzanso zipangizo zinazo, ngakhalenso foni yolendewera pachifuwa.

Dziwani kaye njira yomwe funso lanu limadutsa. Mukanena kuti "Hey Meta, what am I looking at?", magalasi amajambula chithunzi chimodzi. Chithunzicho chimapita ku foni yanu, foni imachitumiza pa intaneti ku makompyuta a kampani ya Meta, kumeneko pulogalamu imachiyang'ana n'kukonza yankho, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo mpaka m'makutu mwanu. Magalasiwo paokha sawerenga chilichonse. Akakhala chete, kulumikizana kwaduka. Akamawerenga zoduka, chithunzi ndicho chaipa. Akamayankha bwinobwino koma zabodza, pulogalamu ikungopeka. Mavuto atatuwa sakonzedwa mofanana, ndiye musanakhudze batani lililonse dzifunseni kuti lanu ndi liti.

Akangokhala chete

Vuto ili ndi lopepuka kwambiri ngakhale limakwiyitsa. Funsani kanthu kosafuna kamera, monga kuchuluka kwa moto womwe watsala m'batire. Akapanda kuyankha n'komwe, mwina ali ozima, mwina sakudziwa kuti mwawavala, mwina asiyana ndi foni. Kaswichi kozimitsira kali mkati mwa mwendo wakumanzere, pafupi ndi popindikira. Kakokeni kuti azime, dikirani pang'ono, muyatsenso. Akhazikeni bwino pamphuno, chifukwa amazindikira okha ngati avalidwa, ndipo akatsetsereka amagona. Kenaka onani pa foni ngati Bluetooth ndi yoyatsa.

Akayankha za batire koma n'kukana kufotokoza chithunzi, vuto lili pakati pa foni ndi intaneti. Apa ambiri amakodwa ndi bandulo. Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha siitsegula intaneti yonse, choncho mauthenga akhoza kumalowa bwinobwino pamene magalasi akunena kuti sakulumikizika. Yesani kutsegula tsamba lililonse pa foniyo; likakana, gulani bandulo ya intaneti yonse. Chinanso, mafoni ambiri a Android amatseka okha mapulogalamu omwe akugwira ntchito kuseri pofuna kusunga batire. Foni ikangolowa m'thumba, pulogalamu ya Meta AI, yomwe imalumikiza magalasi ndi foni, imatsekedwa, magalasi n'kutsala okha. Lowani pomwe mumasinthira za batire, muuze foni kuti pulogalamu imeneyi isamatsekedwe. N'zochita kamodzi basi.

Pamsika kapena pa depoti mawu anu amamira m'phokoso. Kukuwa sikuthandiza. Mu pulogalamu muli pokonzera kuti mukagwira mwendo wakumanja ndi chala kwa kanthawi, magalasi ayambe kumvetsera osadikira kuti muwaitane.

Pali chinthu chimodzi chomwe kuzimitsa ndi kuyatsa sikungakonze. Meta AI inafika pa WhatsApp ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe mu Epulo 2024, koma mndandanda wa maiko omwe magalasi amaloledwa kufotokoza zithunzi ndi wina. Magalasi omwe ankagwira ntchito bwino ku London akhoza kufika kuno n'kumangoimba nyimbo ndi kuyankha mafoni. Ngati simunagule, fufuzani zimenezi ndalama zisanatuluke. Ngati muli nawo kale, musataye mtima, chifukwa kuimba kwa vidiyo pa WhatsApp ndi njira ina, ndipo ndibwererako.

Akamawerenga theka

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Munthu woona akafuna kuwerenga amatsitsa maso, mutu uli chilili. Kamera siitsika yokha. Imaloza komwe nkhope yaloza basi. Mukakhala pa mpando, kalata ili pa tebulo, inu mwawongola mutu, kamerayo ikujambula khoma la kutsogolo kwanu, kalata ikungooneka kam'mphepete kapena osaoneka n'komwe. Ndiponso ambiri omwe anasiya kuona kalekale, kapena anabadwa osaona, anazolowera kulozetsa khutu komwe kukuchokera mawu, ena amakweza chibwano pang'ono akamamvetsera. Chizolowezi chimenechi chili ndi ntchito yake, koma kamera imafuna china. Muyenera kuphunzira kuloza ndi mphuno.

Chachiwiri, kamera siili pakati pa nkhope. Pa Ray-Ban Meta ili pa kona yakumanzere, pamwamba pa diso lamanzere. Pa kona yakumanja pali kanyali koyera komwe kamayaka mukamajambula. Mukazikhudza ndi chala zimamveka zofanana, ndiye ambiri amasokoneza. Chinthu chakutali kusiyanaku sikukhala ndi kanthu, koma chapafupi, monga kapaketi ka mankhwala, kumachititsa kuti mbali yakumanja iduke.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi iyi. Gwirani pepala m'mphepete ndi manja onse awiri, muligunditse pa kona yakumanzere ya magalasi, pakati pa pepala pakhale pa kamera penipeni. Tsopano likankhireni kutsogolo pang'onopang'ono mowongoka, osalitsitsa, mpaka zigongono zitatsala pang'ono kuwongoka. Mutu usasunthe. Pamenepo funsani. Pepala lalikulu la kalata limafuna mtunda wonse wa mkono. Kanthu kakang'ono kabwezeni pafupi pang'ono, koma osati pamphuno, chifukwa kamera za m'magalasi sizitha kuona bwino zapafupi kwambiri monga imachitira kamera ya foni. Zilembo zimangosanduka chimbuuzi. Zikakanika pafupi, talikitsani. Thupi limafuna kuyandikitsa, koma kawirikawiri chofunika ndi kutalikitsa.

Manja amatopa ndipo amanjenjemera, ndiye ngati mukuwerenga masamba angapo, imikani pepalalo. Litsamiritseni kukhoma, kapena pa katoni yomwe mwaika pa tebulo, inu mukhale moyang'anizana nalo. Mukapeza mpando ndi mtunda womwe ukugwira, ikani chizindikiro chomveka ndi chala pa tebulopo, kaya katepi kaya kamphira, kuti mawa musayambirenso kufufuza. Malo amodzi owerengera omwe mwawazolowera amachepetsa mavuto ambiri kuposa kusintha chipangizo.

Musanapemphe kuti awerenge, funsani kaye za chithunzicho. Nenani kuti "Can you see all four corners of the page?" Akati m'munsi mwaduka, tsitsani chibwano kapena kwezani pepala. Akati kumanja kwaduka, sunthirani pepala kumanzere. Mungafunsenso ngati pepala lazondoka. Mafunso awiriwa amatenga kanthawi kochepa poyerekeza ndi kumvetsera kalata yonse kenaka n'kuzindikira kuti ndime yomaliza, yomwe inali ndi tsiku la msonkhano, sinawerengedwe. Envision Glasses amakutsogolerani okha mpaka pepala lonse litalowa, ndipo OrCam mumangoloza ndi chala pomwe mukufuna iyambire. Pa magalasi a Meta ntchito imeneyi ndi yanu.

Mukamajambula, khalani duu mpaka mutamva kulira kwa kamera. Ambiri amasuntha akangomaliza kulankhula, pamene chithunzi chimajambulidwa pambuyo pake.

Mabotolo ndi zitini zili ndi vuto lakelake: zolemba zimazungulira, kamera imangoona mbali imodzi. Ikani chala chachikulu pomwe mwayambira, funsani, tembenuzani pang'ono, funsaninso, mpaka mutabwerera pa chala chija. Lisiti lalitali lipindeni muliwerengetse magawomagawo. Onaninso zala zanu. Munthu akagwira kapaketi mwamphamvu, chala chimakonda kukhala pa nambala yomwe akuifunayo.

Musaiwale zapamutu. Mlomo wa kapu, duku lomwe latsika, tsitsi loluka kapena wigi zimatchinga kamera inu osamva kanthu. Zikatchinga kanyali kakumanja kaja, magalasi amakaniratu kujambula, chifukwa anawapanga dala kuti munthu asamajambule anzake mobisa. Pa chifukwa chomwecho musamatepo tepi, ngakhale wina akuuzeni kuti kanyaliko kakukopa maso a anthu.

Kuti dzanja ndi khosi zizolowere msanga, pezani munthu woona yemwe mumamasuka naye, mumuimbire vidiyo pa WhatsApp. Foni ikalumikizika, dinani kawiri batani lomwe lili pamwamba pa mwendo wakumanja. Iye ayamba kuona zomwe kamera ya magalasi ikuona. Muuzeni kuti asakuwerengereni kanthu, azingonena kuti "tsitsani mutu", "kumanzere pang'ono", "pamenepo". Yesani ndi kalata, botolo, ndalama, chitseko. Mukabwereza masiku angapo, thupi limasunga lokha.

Kuwala ndi litsiro

Munthu yemwe saona ngakhale kuwala akhoza kukhala m'chipinda chamdima osadziwa, makamaka magetsi akazima madzulo swichi ili yoyatsa. Kamera yaing'ono chonchi imafooka msanga kukada, ndipo magalasi a Meta alibe nyali younikira. Kanyali kaja n'kochenjeza anthu chabe. Funsani kuti "Is it dark in here?" Ngati muli ndi Seeing AI, pulogalamu yaulere ya Microsoft yomwe inayamba pa iPhone mu 2017 n'kufika pa Android kumapeto kwa 2023, ili ndi gawo lomwe limalira mokweza kukawala ndi motsitsa kukada. Ndi lothandiza kwambiri pofufuza komwe kuli zenera kapena ngati babu layaka.

Kuwala kuchokere kumbuyo kwanu kapena pambali, kugwere pa pepala. Mukayang'ana kuzenera mutanyamula pepala, kamera imathobwa ndi kuwala kwa panja, pepala n'kuoneka lakuda. Tembenukani, zenera likhale kumsana. Pakhonde pamthunzi masana ndi malo abwino kuposa onse. Dzuwa la pamutu pa pepala loyera nalonso limafufuta zilembo.

Zinthu zonyezimira ndizo zimavutitsa: chiphaso cha unzika, khadi la ku banki, satifiketi yokutidwa ndi pulasitiki, kumbuyo kwa mapiritsi komwe kuli kachitsulo kopyapyala. Kuwala kumabwerera m'kamera n'kuphimba mawu pakatikati. Pendeketsani chinthucho pang'ono, m'mwamba mwake muweramire kwa inu, muyesenso. Usiku mukamaunikira ndi tochi, isaloze molunjika, iunikire cham'mbali.

Tsopano litsiro. Mukamavala magalasi, zala zimagwira pa makona, ndipo ndi pomwe pali kamera. Mafuta odzola, thukuta, utsi wa pa mbaula, fumbi la m'chilimwe, zonsezi zimamatirira pa kagalasi kaja. Woona akanazindikira msanga, inu simungadziwe mpaka mayankho atayamba kuipa. Ichi ndicho chimachititsa kuti magalasi omwe ankawerenga bwino sabata yoyamba aziipiraipira. Pukutani kamera ndi kansalu kofewa kouma m'mawa uliwonse, ndiponso musanawerenge chinthu chofunika. Chitenje chokhuthala kapena malaya okhala ndi fumbi zimakanda. Zolowerani kuwagwira pa miyendo. Kukhitchini, nthunzi ya mumphika imachita chifunga pa kamera. Bwererani m'mbuyo, dikirani iume.

Akamayankha molimba mtima koma zabodza

Vuto loyamba ndi lachiwiri mumalimva nokha. Lachitatuli silimveka, ndipo ndi lomwe limandidetsa nkhawa. Mapulogalamu ofotokoza zithunziwa anapangidwa kuti azipereka yankho lomveka bwino. Chithunzi chikakhala chachimbuuzi, sikuti nthawi zonse amanena kuti sakuona. Amadzaza mpatawo ndi mawu omwe amapezeka kawirikawiri pamalo otero. Ali ngati munthu yemwe mwamufunsa njira, iye sakuidziwa, koma poopa manyazi akukulozerani ndithu. Mawu ake amakhala ofanana, kaya akunena zomwe waona kaya akupeka.

Poyamba siyanitsani kupeka ndi kufupikitsa. Magalasi a Meta amakonda kufupikitsa. Mukati awerenge kalata, akhoza kungokuuzani kuti ndi kalata ya ku sukulu yonena za fizi. Sananame, koma simunamve kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku lomaliza kulipira. Nenani mwachindunji kuti "Read the whole text word for word." Kapena funsani chimodzichimodzi: ndalama zingati, tsiku liti, wasaina ndani. Mu 2025 Meta inawonjezanso pokonzera kuti mayankho azikhala atsatanetsatane. Ngati pa foni yanu pali pamenepo, mupapeza pa gawo la zothandiza anthu olumala.

Kupeka kumagwidwa ndi njira zingapo. Musaike yankho m'funso. Mukafunsa kuti "Kodi awa ndi Panado?" mwaipatsa kale pulogalamu mawu oti ivomere. Funsani kuti palembedwa chiyani. Kenaka jambulani kachiwiri mutasintha mtunda kapena kuwala, osati kungobwereza funso pa chithunzi chomwecho. Mayankho awiri akasiyana, onse awiri ndi okayikitsa. Pa dzina kapena nambala, auzeni atchule chilembo chimodzichimodzi. Mungathenso kuwauza kuti akapeza mawu osaoneka bwino anene, asaganizire. Zimathandiza ndithu, koma sizithetseratu vutolo.

Njira ina yamphamvu ndi kuyerekeza ndi pulogalamu ya mtundu wina. Gawo lowerenga zilembo la Seeing AI, kapena la Lookout ya Google, limangotchula zilembo zomwe kamera yaona, silikonza nkhani. Likalephera mumamva zosokonekera, ndipo kusokonekerako ndi chenjezo labwino. Magawo amenewa amagwiranso ntchito popanda intaneti, chimodzimodzi OrCam MyEye. Zomwe magalasi anena zikafanana ndi zomwe foni yatchula, mtima ukhoza kukhala pansi.

Manambala ndiwo amalakwika kwambiri, chifukwa alibe mawu oyandikana nawo owathandiza. 3 amasanduka 8, 1 amasanduka 7, 5 amasanduka 6. Kadontho kakasowa, 2.5 amakhala 25. Pa tokeni ya magetsi, yomwe imakhala ndi manambala 20, kulakwa sikoopsa, chifukwa mita imangokana. Auzeni awerenge anayianayi, inu mukulemba kapena kujambula mawu, ndipo lisiti lake muliwerengetse tsiku lomwelo, chifukwa pepala la mtundu umenewu limafufutika likakhala potentha. Ngati mungagule pa foni kuti tokeni ibwere pa uthenga, pulogalamu yowerenga mokweza zolembedwa pa foni, TalkBack kapena VoiceOver, idzakuwerengerani popanda kamera, ndipo imeneyo ndiyo njira yosalakwa.

Pa mankhwala ndiye nkhani ina. Timatumba ta mapiritsi ta kuchipatala timalembedwa pamanja, mothamanga, pa pulasitiki yonyezimira. Zovuta zonse zakumana pamodzi. Buku la kuchipatala nalonso ndi lolemba pamanja. Magalasi akuthandizeni kusiyanitsa bokosi ili ndi ilo, koma mlingo wa mankhwala musaudalire kwa iwo okha, makamaka a mwana, a shuga, a BP kapena ma ARV. Muli pa zenera lolandirira mankhwala pomwepo, pemphani wopereka mankhwala anene mokweza dzina ndi kamwedwe, mujambule mawu ake pa foni. Mukafika kunyumba ikani zizindikiro zanu: mphira umodzi pa botolo la kamodzi pa tsiku, iwiri pa la kawiri. Pa tsiku lotha ntchito, funsani kuti akuwerenga pomwe palembedwa EXP kapena MFG, chifukwa masiku awiriwa amakhala moyandikana ndipo la MFG ndi tsiku lomwe anapangidwa.

Pomwe pafunika kutsimikiza, itanani munthu. Be My Eyes, yomwe inayambitsidwa ndi Hans Jørgen Wiberg wa ku Denmark mu 2015, imakulumikizani kwaulere ndi munthu woona wodzipereka, ndipo kuyambira mu Novembala 2024 imagwira ntchito kudzera m'magalasi a Meta m'maiko omwe analoledwa. Komwe siikugwira pa magalasi, ilipo pa foni. Ndipo vidiyo ya pa WhatsApp ija ili ndi ubwino wake: mlongo wanu kapena mwana wanu akuona zomwe mukuyang'ana, manja anu onse ali omasuka, mukulankhulana Chichewa. Kuimbira munthu si kulephera kwa inu kapena kwa chipangizo. Ndi imodzi mwa ntchito zomwe kamerayo inaikidwira pamenepo.

Chichewa ndi makwacha

Magalasiwa samva Chichewa, ndipo mawu omwe amawerengera ndi a Chingerezi. Zilembo zathu amaziona, koma katchulidwe kamatuluka kokhota, makamaka pa mawu oyamba ndi ng', mb, nd kapena ps. Nthawi zina pulogalamu imaganiza kuti ndi Chiswahili, kapena imayamba kumasulira m'Chingerezi musanaipemphe, ndipo pomasulirapo ndi pomwe imapeka kwambiri. Iuzeni kuti isamasulire, iwerenge momwe palembedwera. Khutu limazolowera katchulidwe kokhotako pakapita nthawi, monga ambiri anazolowerera TalkBack powerenga mauthenga a Chichewa. Kalata yofunika, monga ya malo kapena ya kwa amfumu, ipite kwa munthu.

Pa ndalama, magawo ozindikira ndalama a Lookout ndi Seeing AI anaphunzitsidwa ndalama monga madola ndi mayuro, osati makwacha athu. Magalasi amangodalira nambala ndi nkhope zomwe aona. Tsono nkhope yokha ikhoza kukusokeretsani: John Chilembwe ali pa K500 komanso pa K2,000, ndipo Kamuzu Banda ali pa K1,000 komanso pa K5,000 yomwe inatuluka mu 2022. Funsani nambala, osati munthu. Tambasulani ndalamayo, imodzi yokha, chala chisakhale pa kona. Yakale yothimbirira muiyang'anitse mbali zonse ziwiri. Chabwino koposa ndi kusanja ndalama muli kunyumba powala bwino, mtundu uliwonse ndi kapindidwe kake, kuti pamsika muzingotsimikiza chenji.

Batire ndi kutentha

Magalasi a 2023 amakhala pafupifupi maola 4 mukamawagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, ndipo vidiyo imawamaliza msanga kuposa pamenepo. Omwe anatuluka mu 2025 amafika pafupifupi maola 8. Kabokosi kake ndiko kamawatchaja, ndipo kamasunga moto wowadzaza kangapo, choncho magetsi akabwera yambani kutchaja kabokosiko. Mukakhala pansi osawafuna, abwezeni m'kabokosi.

Akakana kutchaja, khudzani pomwe amakhalira pamphuno. Pamenepo pali tizitsulo tomwe timagundana ndi tina m'kabokosi, ndipo thukuta ndi mafuta zimatiphimba. Pukutani, muwakanikize mpaka mumve kuti akhala. Kanyali ka pa kabokosi sikangakuthandizeni, ndiye tsimikizani pa foni kuti moto ukukwera.

Kutentha kumazimitsa kamera. Zipangizo zambiri za mtundu uwu, iPhone yomwe, zinapangidwira kutentha kosapitirira madigiri 35, pomwe ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala kumadutsa 40. Akakuuzani kuti atentha, avuleni, muwaike pamthunzi, azizire okha. Musawasiye pa zenera kapena m'galimoto yotseka. Mvula yowaza amapirira, koma osati yamkuntho, ndipo kabokosi kake sikafuna madzi n'komwe.

Zomwe si vuto loti likonzedwe

Ena amadandaula kuti magalasi sanawachenjeze za ngalande kapena za njinga ya kabaza yomwe inawadutsa pafupi. Apa palibe chowonongeka. Yankho lomwe mukumva likunena za chithunzi chomwe chinajambulidwa masekondi angapo apitawo, ndipo pamsewu masekondi amenewo ndi ambiri. Kameranso ili pamutu, zapamapazi siiziona. Ndodo yoyera isachoke m'manja, ndipo powoloka msewu dalirani makutu ndi luso lomwe munaphunzira. Magalasi afunseni mutaima: chikwangwani ichi chikuti chiyani, khomo lili mbali iti, pa benchi pali malo kodi. Mawu ake muwatsitse kuti asaphimbe phokoso la msewu.

Kumbukiraninso kuti chithunzi chilichonse chomwe mwafunsa chimachoka m'nyumba mwanu kupita ku makompyuta a kampani, ndipo Meta inanena kuti zithunzi zotere ikhoza kuzigwiritsa ntchito pophunzitsa mapulogalamu ake. Khadi la ku banki, nambala yachinsinsi, zotsatira za kuchipatala, ganizirani kaye. Zoterezi ndi bwino kuziwerengetsa ndi pulogalamu yosafuna intaneti. Kwa anthu omwe muli nawo pafupi, mawu ochepa amakwana: "Pepani, magalasiwa akundiwerengera, sindikukujambulani." Ambiri akamva amamasuka, ena amayamba n'kukuthandizani kuloza.

Ngati mwayesa zonsezi koma sizikusintha, yesani kotsiriza motere. Pukutani kamera, tulukani panja masana pamthunzi, jambulani chithunzi cha chinthu chachikulu monga nyumba kapena mtengo podina batani kamodzi, ndipo munthu woona achiyang'ane pa foni. Chikakhala chooneka bwino, kamera ili moyo, vuto lili pa kuloza, kuwala kapena intaneti, ndipo mubwerere m'mwambamu. Chikakhala chakuda, chachimbuuzi, kapena chokhala ndi mzere, onaninso ngati pulogalamu ndi magalasi zalandira zosintha zatsopano, muchotse magalasi pa foni n'kuwalumikizanso. Zikakanikabe, chawonongeka ndi chipangizo. Musapite nacho kwa okonza mafoni kuti akatsegule, chifukwa magalasiwa ndi omata ndipo akatsegulidwa chitsimikizo cha ogulitsa chimatha. Funsani yemwe anagula ngati lisiti analisunga, abwezedwe komwe anachokera.

Podikira, foni ikhoza kugwira ntchito yomweyo. Google yomwe, potulutsa Lookout mu 2019, inalangiza kuti foni izilendewera pakhosi kapena ikhale m'thumba la malaya kamera itayang'ana kunja. Telala akhoza kukusokerani kathumba kokhala ndi lamba wa pakhosi ndi wina wozungulira chifuwa kuti foni isamagwedezeke, n'kuboola pomwe pali kamera. Ikakhala pachifuwa, kamera imaloza komwe mapewa aloza, ndiye potembenuka muzitembenuka thupi lonse, ndipo pepala muzilinyamula pa msinkhu wa chifuwa, osati wa nkhope.